Kumva ndi kuvomera: lipoti la makina okonza ulendo wa usipa pafoni ku Mangochi

Lipotili likukamba za gawo limodzi la makina oyankhula nawo pafoni, gawo losunga pomwe nkhani yafika. Ntchito ya makinawa ndi kuthandiza ogula nsomba kumagombe a Mangochi, monga Msaka, Malembo ndi Makanjira, kukonza ulendo wa katundu wawo wopita kumisika ya ku Limbe kapena ku Lilongwe. Wogula amaimba foni n'kunena zomwe ali nazo ndi komwe akufuna zikafike. Makina amayang'ana magalimoto omwe alipo, nthawi yonyamuka ndi malo otsala. Pulani siituluka kamodzi n'kamodzi. Imamangidwa pang'onopang'ono, uyu kuikapo ichi, uyo kukana icho, mpaka awiriwo atamvana.

Makina otere ali ndi magawo asanu. Loyamba limamva mawu n'kuwalemba. Lachiwiri limatola tanthauzo m'zolembedwazo. Lachitatu, lomwe lipotili likukamba, limayendetsa nkhani. Lachinayi limawerengera kuti galimoto iti ili ndi malo, inyamuka liti, ikafika liti. Lachisanu limasandutsa yankho kukhala mawu omveka pafoni. Zinthu zikasokonekera, ambiri amathamangira kuloza chala gawo loyamba, ati silikumva Chichewa cha kunyanja, ndipo nthawi zina n'zoona. Koma cholakwa choluzitsa ndalama chimabadwira m'gawo lachitatu. Makina amva mawu onse bwinobwino, koma alemba m'pulani chinthu chomwe mwini katundu sanavomereze.

Njira yomwe ambiri amayambira ndi ya fomu: kochokera, kopita, matumba angati, tsiku, galimoto. Makina amafunsa mpaka mipata yonse itadzaza. Pogula mayunitsi njira imeneyi imakwanira. Pokonza ulendo siikwanira, chifukwa fomu imangodziwa mpata wodzaza ndi mpata wopanda kanthu. Siidziwa ngati nambala yomwe ili mumpatamo yangotchulidwa chabe, kapena yamveka mbali zonse ziwiri, kapena yagwirizanidwa.

Komwe njira yosiyanitsa zimenezi yachokera

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, gulu la James Allen pa yunivesite ya Rochester ku America linali ndi ntchito yotchedwa TRAINS. Munthu ndi kompyuta ankakonzera limodzi kayendedwe ka masitima onyamula malalanje ndi nthochi pakati pa matauni asanu: Avon, Bath, Corning, Dansville ndi Elmira. Iwo anajambula anthu awiriawiri akugwira ntchitoyo, mmodzi akuchita ngati ndiye kompyuta. Zojambula za 1993 zinali zokambirana 98, pafupifupi maola 6 ndi theka. Pa ntchito yomweyi David Traum, mu 1994, anafotokoza masitepe omwe anthu amatsata potsimikizirana kuti chonenedwa chamveka, potengera zomwe Herbert Clark ndi Edward Schaefer analemba mu 1989. Peter Heeman anafufuza mmene munthu amadzikonzera mawu ali m'kati moyankhula. Mfundo yomwe ikutikhudza kwambiri ndi yoti makina a TRAINS ankasunga padera pulani yomwe wina wangoipereka ndi pulani yomwe onse awiri aigwirizana.

Zomwe sizingatengedwe ku Rochester ndi chiyankhulo ndi malo. Kumeneko anthu ankajambulidwa m'chipinda. Kuno munthu akuimba ali pagombe, mwera ukuomba pafoni, anyamata akukuwa mitengo, iye akuyankhanso wina pambali m'Chiyao. Choncho zojambula ziyenera kukhala zathu. Pamafunika kalaliki wodziwa misewu akhale m'malo mwa makina, ogula nsomba enieni aziimba ndi katundu weniweni, ndipo mawu a aliyense ajambulidwe panjira yakeyake kuti polowerana m'kamwa pazioneka. Chilolezo cha wojambulidwa chitengedwe kujambula kusanayambe, ndipo mayina ndi manambala a foni achotsedwe m'zolemba. Polemba, osayeretsa. "Aa", "mmm", mawu odukira pakati ndi kutalika kwa chete zilembedwe zonse, chifukwa mmenemo ndi momwe muli zambiri zofunika.

Kenako kachidutswa kalikonse ka mawu kapatsidwe zizindikiro zosonyeza ntchito yake, monga kufunsa, kuvomera kapena kukana. Ndondomeko yoikira zizindikiro yotchedwa DAMSL, yomwe Allen ndi Mark Core analemba mu 1997, komanso ya ISO 24617-2 ya 2012, zimalola kachidutswa kamodzi kukhala ndi ntchito zingapo, yoyang'ana kumbuyo ku zomwe zanenedwa ndi yoyang'ana kutsogolo ku zomwe wina ayenera kuchita. Anthu awiri aike zizindikiro payekhapayekha, kenako kugwirizana kwawo kuyezedwe ndi muyezo wa kappa, monga Jean Carletta analimbikitsira mu 1996. Pa muyezowu 1 ndi kugwirizana kotheratu, ndipo ambiri amatenga 0.8 ngati kugwirizana kodalirika. Ngati awiriwo akusemphana pa mawu akuti "ee", malamulo a zizindikiro akonzedwe kaye makina asanaphunzitsidwe chilichonse.

Kukambirana komwe tikuunika

Chitsanzochi chakonzedwa kuti mavuto odziwika aonekere pamodzi. Woimba ndi mayi wogula usipa ku Msaka, Lachiwiri madzulo.

1. Makina: Zikomo mayi, mwaswera bwanji?
2. Mayi: Ndaswera bwino, kaya inu?
3. Makina: Ndaswera bwino, zikomo. Tikonze za chiyani lero?
4. Mayi: Ndiye ndili kuno ku Msaka, ndili ndi matumba sikisi... aa ayi, seveni, lina lija sanasoke. Ndikufuna afike ku Limbe mawa.
5. Makina: Matumba 7, kuchokera ku Msaka kupita ku Limbe.
6. Mayi: Ee.
7. Makina: Pali lole yonyamuka pa Monkey Bay 4 koloko m'bandakucha. Ndikuikeni pa imeneyo?
8. Mayi: Eee... paja imadutsa pa Liwonde nthawi yanji?
9. Makina: Cha m'ma 7 koloko.
10. Mayi: Mmm. Chifukwa achimwene amafuna awiri atsike pamenepo. Dikirani kaye, ndikubwera. Mayi akuyankhula ndi wina pambali, kenako akubwerera pafoni: Akuti sakhalapo.
11. Makina: Ndiye pa Liwonde simutsitsa?
12. Mayi: Ee.
13. Makina: Chabwino, onse 7 apita ku Limbe. Nanga lole ya 4 koloko ija, ndikuikeni?
14. Mayi: Koma 4 koloko... usipa wina ukadali pathandala. Tiona.
15. Makina: Pali ina ya 10 koloko, ikafika ku Limbe madzulo. Kapena tiyang'ane ya mkuja?
16. Mayi: Ya teniyo ndiye bola. Ndiikeni.
17. Makina: Matumba 7, lole ya 10 koloko Lachitatu, kuchokera pa Monkey Bay kupita ku Limbe. Ndilembe choncho?
18. Mayi: Lembani. Basi zikomo. Aa, komanso akatengere kuno kugombe, osati pa Monkey Bay.

Makina a fomu akanasungitsa malo pa lole ya 4 koloko pofika mzere 8, dalaivala akanadikira katundu yemwe sakubwera, ndipo mayiwa akanadziwa zimenezi dalaivalayo atawaimbira usiku.

Mzere 4: munthu akudzikonza yekha

Kudzikonza kuli ndi zigawo zitatu: mawu otayidwa, pano "sikisi", chizindikiro choti pali kukonza, "aa ayi", ndi mawu olowa m'malo, "seveni". Gawo lotola tanthauzo liyenera kuzindikira zitatuzi lisanapereke kanthu ku gawo loyendetsa nkhani. Likapanda kutero pamachitika chimodzi mwa ziwiri. Kapena manambala onse alowa n'kumakanganirana mpata umodzi, kapena "ayi" atengedwa ngati kukana ndipo makina afafaniza chomwe anali atangopereka.

Lamulo lothandiza ndi kuyang'ana zozungulira. "Ayi" wokhala pakati pa zinthu ziwiri za mtundu umodzi, nambala ndi nambala, malo ndi malo, tsiku ndi tsiku, ndi wodzikonza. "Ayi" woyambirira pambuyo pa funso la makina angakhale wokana, koma osathamanga. Tonse timati "Ayi, zili bwino" kapena "Ayi ndithu, lembani", ndipo pamenepo palibe chokanidwa. Makina adikire chiganizo chithe, ndipo mawu otsatira ndiwo alamule.

Mawu akuti "lina lija sanasoke" asatayidwe ngati zongowonjezera. Akunena kuti thumba limodzi silinakonzeke, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi zomwe zidzatuluke pa mzere 14. Makina osunga mfundoyi sangathamangire kupereka lole ya m'bandakucha.

Ntchito za "ee"

Apa ndiye pagona nkhani. M'chitsanzochi "ee" waoneka katatu, ndipo paliponse akugwira ntchito yosiyana. Pa mzere 6 akutsimikiza kuti makina amva bwino. Pa mzere 8 ndi wokoka, wotsatiridwa ndi funso, ndipo akungosonyeza kuti mayi amva za loleyo ndipo akuiganizira. Pa mzere 12 akuvomereza funso lokana. Palinso wachinayi yemwe sanalembedwe apa, "ee" kapena "mmm" woponyedwa makina akadali kuyankhula, wongosonyeza kuti munthu akutsatira. Olankhula Chiyao amachita chimodzimodzi ndi "elo", ndipo pafoni imodzi mawu onse awiri angamveke.

Gawo lomva mawu lilemba onsewa mofanana. Kusiyanitsa kuli m'manja mwa gawo loyendetsa nkhani, ndipo njira yake ndi kupatsa chinthu chilichonse cha m'pulani mlingo wake. Chinthu chikangotuluka pakamwa pa mmodzi, chili pa mlingo woyamba: chatchulidwa. Winayo akasonyeza kuti wamva, pobwereza, ponena "ee", kapena pofunsa funso lokhudza chinthucho, chakwera pa mlingo wachiwiri: chamveka. Chimafika pa mlingo wachitatu, chavomerezedwa, pokhapokha winayo atachilandira. Pambali pali malo awiri, a zokanidwa ndi a zoimikidwa. Pa chinthu chilichonse pasungidwenso yemwe anachibweretsa, chifukwa chomwe mwini katundu wanena yekha, monga Limbe, chimangofunika kumveka, pomwe chomwe makina apereka, monga lole, chimafunika kulandiridwa.

Tikatsata lole ya 4 koloko: pa mzere 7 yatchulidwa. Pa mzere 8 yamveka, ndipo umboni wake si "eee" koma funso la Liwonde, chifukwa munthu safunsa za lole yomwe sanaimve. Kuyambira pamenepo mpaka mzere 13 ikadali pa mlingo wachiwiri. Pa mzere 14 yaimikidwa. Pa mzere 16 yakanidwa popanda mawu okana, chifukwa ina yasankhidwa m'malo mwake.

Gawo lowerengera lingagwiritse ntchito zinthu za mlingo uliwonse poyerekeza. Lingathe kuona kuti lole ya 4 koloko ikafika liti ngakhale isanalandiridwe. Choletsedwa ndi kuchita chinthu chosabwezeka ndi zinthu zosafika mlingo wachitatu. Zosabwezeka pa ntchitoyi ndi zitatu: kusungitsa malo, kutumiza uthenga kwa dalaivala, ndi kuyambitsa malipiro pa Airtel Money kapena Mpamba. Pa zimenezi "ee" yekha alandiridwe ngati akuyankha funso lolunjika, ali wamfupi, ndipo palibe china chomutsatira. Kupanda apo makina adikire mneni weniweni, "ndiikeni", "lembani", "tumizani", kapena afunsenso.

Mzere 11 waikidwa dala ngati chitsanzo cha funso lomwe makina sayenera kufunsa. M'Chichewa, wofunsidwa kuti "Simutsitsa?" akati "Ee", ndiye kuti satsitsadi. Malamulo okopedwa ku makina a Chingerezi amamva mosiyana, n'kulemba kuti pa Liwonde patsika katundu. Kukonza kwake n'kosavuta: makina asafunse mokana. Afunse kuti, "Matumba onse 7 apite ku Limbe?" Koma woimba sangaletsedwe kufunsa mokana. Akati "Siidutsa pa Zomba?", makina asayankhe ndi "inde" kapena "ayi" yekha. Anene chiganizo chonse: "Imadutsa pa Zomba."

Mzere 14 ndi kukana kwaulemu. Akatswiri ofufuza zokambirana, monga Anita Pomerantz mu 1984, anaonetsa kuti yankho lokana kawirikawiri limachedwa, limayamba mozungulira ndipo limabwera ndi chifukwa. Kwathu kuno zimenezi n'zodziwika: "koma", kachete, chifukwa chake, kenako "tiona", "kaya" kapena "ndikuuzani". Makina akabwereza funso lomwelo kuti apeze inde kapena ayi, ambiri angovomera kuti nkhani ithe, osabwera. Choyenera ndi kutola chifukwacho n'kuchisandutsa malire a pulani. Usipa ukadali pathandala, ndiye kuti ukufunika dzuwa la mawa, ndiye kuti galimoto iliyonse yonyamuka dzuwa lisanatuluke yagwa. Mzere 15 ukuchokera pamenepo.

Nkhani m'kati mwa nkhani

Pakati pa funso la mzere 7 ndi yankho lake padutsa mizere isanu ndi umodzi. Barbara Grosz ndi Candace Sidner mu 1986 anafotokoza kuti zokambirana zimagawika m'zigawo, chilichonse ndi cholinga chake, ndipo zigawozo zimasanjikizana ngati mbale: yomwe yaikidwa pomaliza ndiyo imayamba kuchotsedwa. Pansi pali cholinga chachikulu, usipa ufike ku Limbe. Pamwamba pake pali kusankha lole. Mzere 8 waikapo funso la nthawi ya pa Liwonde, lomwe latsekedwa pa mzere 9. Mzere 10 waikapo kapulani kotsitsa matumba awiri, komwe katsekedwa pa mzere 12. Chotsala pamwamba ndi funso la lole, ndipo makina alibwerera pa mzere 13.

Mawu ena amathandiza kuzindikira potsegula ndi potseka. "Paja", "kodi" ndi "dikirani kaye" kawirikawiri amatsegula. "Basi", "chabwino" ndi "tsono" amatseka kapena kubwerera. "Nanga" amasamukira ku chinthu china cha msinkhu womwewo. Zolozera za mtundu wa "ija", "lija", "uja" n'zothandiza kwambiri, chifukwa zimaloza chinthu chomwe awiriwo akuchidziwa kale, choncho makina achifunefune m'zomwe zadutsa osati m'zatsopano. "Ndiye" yekha asadaliridwe. Ena amayamba naye chiganizo chilichonse.

Kusanjikiza kumanena chomwe chili pamwamba, koma sikunena choyenera kuyamba kunenedwa. Pa zimenezi Traum ndi Allen mu 1994 anabweretsa mfundo ya udindo: funso likafunsidwa, wofunsidwa ali ndi udindo wochitapo kanthu ngakhale funsolo silikuthandiza cholinga chake. Makina asunge ndandanda ya maudindo, ndipo ayambe nawo asanapitirize zawo. Pa mzere 8 cholinga cha makina ndi kudzaza lole, koma udindo ndi kuyankha za Liwonde. Mzere 2 ulinso chimodzimodzi. "Kaya inu?" ndi funso, ndipo makina olumphira pa katundu osayankha moni amamveka amwano. Masekondi atatu a moni asadulidwe pofuna kusunga mayunitsi.

Ndani, chiyani, liti

Magulu a mayina amachepetsa ntchito yofufuza cholozedwa. "Imeneyo" ndi "ya teniyo" zikuloza dzina la gulu la lole kapena galimoto, sizingaloze matumba. Pomwe pamavuta ndi pa "a-". Matumba amati "awiri", anthunso "awiri", ndipo munthu mmodzi wolemekezeka timamutchula ngati ambiri. "Awiri atsike" angakhale matumba kapena anthu okwera. "Akuti sakhalapo" ndi achimwene, munthu mmodzi. Makina ayambe ndi zomwe zili m'pulani: mpaka pano mwatchulidwa matumba okha, palibe wokwera, choncho matumba ndiwo ali patsogolo. Ngati kusankha molakwa kungasinthe mtengo, afunse mwachidule, "Matumba awiri?" Ngati sikusintha kanthu, monga pa "sakhalapo" pomwe kapulani konse kakugwa, asafunse. Kufunsa chilichonse kumatopetsa, ndipo munthu wotopa amayamba kuyankha "ee" pa zonse.

Nthawi ili ndi misampha yake. "Mawa" ndi "m'mawa" zimasiyana pang'ono, ndipo pafoni wamba mphepo ikangowonjezera kusiyanako kumasowa. Komanso kugombe ntchito imachitika usiku. Woimba 2 koloko usiku akudikira maboti, akati "mawa" nthawi zambiri akunena kukacha, lomwe pa kalendala ya kompyuta ndi tsiku lomwelo. Mankhwala ake ndi amodzi: pobwereza, makina atchule dzina la tsiku. Onani kuti pa mzere 5 tsiku silinabwerezedwe, choncho "mawa" wa pa mzere 4 wakhala pa mlingo woyamba mpaka mzere 17 pomwe "Lachitatu" latchulidwa. Gawo loyendetsa nkhani lisalole kutseka pomwe chinthu chofunika chikadali pa mlingo woyamba. Nthawi zina sizitchulidwa ndi koloko n'komwe. "Maboti akafika", "tikasoka", ndipo Lachisanu, "tikatuluka ku mzikiti". Zimenezi zisungidwe monga zanenedwera, ndi nthawi yoyerekeza pambali, ndipo makina afunse koloko pokhapokha pali magalimoto awiri oyandikana.

Kudikira ndi kulowerana

Kafukufuku wa Tanya Stivers ndi anzake wa 2009, wa ziyankhulo khumi, anapeza kuti mpata pakati pa funso ndi yankho umakhala pafupifupi mamilisekondi 200, gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Anthu amakwanitsa zimenezi chifukwa amaoneratu komwe chiganizo chithere. Makina ambiri amangodikira chete wa kutalika kumodzi, ndipo muyezo umodzi umalakwa mbali zonse. Ukafupika, umadula mayi pakati pa "sikisi" ndi "aa ayi". Ukatalika, mayi amayesa foni yaduka n'kuyamba kunena "halo".

Muyezo uzisintha motengera pomwe nkhani ili. Poyambira, theka la sekondi ndi lokwanira pambuyo pa yankho lalifupi la funso lolunjika. Pambuyo pa nambala, kapena mawu osamaliza monga "chifukwa", "koma" ndi "ndiye", makina adikire sekondi ndi theka. Manambalawa akonzedwe poyerekeza ndi zojambula, chifukwa netiweki nayo imachedwetsa mawu. "Dikirani" ndi "ndikubwera" aike makina pa kaimidwe kena: azimva koma osatanthauzira, mpaka mawu atabwerera pafupi ndi foni kapena mayi atanena "halo" kapena "akuti". Popanda zimenezi, manambala ndi malo omwe akutchulidwa pambali alowa m'pulani. Pakadutsa mphindi imodzi, makina anene "Ndikadalipo, mayi", osafunsa kanthu.

Munthu akalowerera makina akuyankhula, "ee" ndi "mmm" wamfupi asawaimitse, koma "dikirani", "ayi" kapena chiganizo chotalika ziwaimitse. Chomwe okonza ambiri amaiwala ndi ichi: makina akadulidwa pakati, zotchulidwa ndi zokhazo zomwe zinatulukadi pafoni. Ngati mzere 17 wadulidwa pa "10 koloko", tsiku ndi malo sizinamveke, ngakhale zinali m'chiganizo chokonzedwa. Gawo loyankhula liziuza gawo loyendetsa nkhani mawu omaliza omwe linafikapo. Foni ikadukiratu, zomwe zimachitika kumagombe akutali, milingo yonse isungidwe pa nambala ya woimbayo. Akaimbanso, makina ayambe ndi zovomerezedwa, kenako atchule chomwe chinali pamwamba: "Tinagwirizana matumba 7 a ku Limbe. Tinali pa nkhani ya lole."

Ena angafunse ngati makina amakono ophunzitsidwa pa zolemba zochuluka sathana nazo zonsezi okha. Pa gawo lotola tanthauzo amathandiza, makamaka pozindikira kudzikonza ndi kukana kwaulemu. Koma kuyankha mosadodoma si umboni woti akusunga milingo, ndipo makina oterewa amakonda kumaliza nkhani mokondweretsa woimba. Maganizo athu ndi oti milingo isungidwe kunja, m'kaundula woti munthu angamutsegule n'kuwerenga, ndipo chilolezo cha zosabwezeka chizichokera m'kaundulamo. Poyesa makina, muyezo woyamba usakhale kuchuluka kwa mawu omveka bwino. Munthu amvetsere foni yonse, alembe pulani yomwe woimba anagwirizana nayo, kenako ayerekeze ndi ya m'kaundula. Chinthu chilichonse chomwe chafika mlingo wachitatu m'kaundula koma womvetserayo sanachilembe chiwerengedwe padera, ndipo chitsatidwe mpaka pa mzere womwe chinakwerera.

Mzere 18: nkhani yotsekedwa ikatsegukanso

Apa kusanjikiza kumalephera. Gawo la kochokera linatsekedwa pa mzere 6, lole yavomerezedwa, mayi anena kale "basi zikomo", kenako akubweretsa chinthu chosintha pulani. Emanuel Schegloff ndi Harvey Sacks anaonetsa mu 1973 kuti mawu oyamba kutsanzikana amatsegula mpata wa zomwe zinaiwalika, ndipo aliyense woimbirana ndi abale akudziwa kuti zofunika zambiri zimabwera pambuyo pa "chabwino". Choncho "basi zikomo" asatseke foni, ndipo uthenga wa dalaivala usanyamuke pa "lembani". Ukhale wokonzeka, udikire kutsanzikana kwa mbali zonse ziwiri.

Chachiwiri, zigawo zotsekedwa zisafafanizidwe. Chilichonse chikhale chomangiriridwa ku chinthu cha m'pulani chomwe chinakambidwa mmenemo, ndipo zinthu za m'pulani zikhale zolumikizana motengera chomwe chikudalira chinzake. Malo okwezera akasintha, makina atsate zingwezo. Kuchuluka kwa matumba, kopita ndi tsiku sizidalira malo okwezera, choncho zikhala pa mlingo wachitatu. Lole, nthawi ndi mtengo zimadalira, choncho zitsike pa mlingo wachiwiri. Kufafaniza pulani yonse n'kuyambiranso kufunsa "matumba angati?" ndi kulakwa komwe kumakwiyitsa anthu kuposa kwina kulikonse.

Palinso chomwe mzere 18 ukuulula. Kuyambira pa mzere 7 makina akhala akutchula Monkey Bay, ndipo mayi sanatsutse, koma funso la mmene matumba 7 achokere ku Msaka kukafika pa Monkey Bay silinakambidwe. Pulani inali ndi dzenje. Gawo lowerengera liyenera kuona madzenje otere lokha, poyerekeza komwe katundu ali ndi komwe galimoto ikunyamukira, n'kuliuza gawo loyendetsa nkhani mzere 17 usanafike. Ngati lalephera ndipo mayi adzitchulira okha, makina ali ndi udindo woyankha pempholo, atchule chomwe chasintha, asiye zosasintha, ndipo afunse funso limodzi lolunjika: "Lole ya 10 koloko siifika kugombe. Pali galimoto yaing'ono yomwe ingatenge matumbawo ku Msaka 8 koloko n'kukawasiya pa Monkey Bay, mtengo wake ndi wapadera. Ndikuuzeni mtengowo?"